Safunsa Adadya Phula: Za Adzukulu Ojambula Zitsulo za ku Bua

Mwambi wa ulendo uno ndi wodziwika kwa aliyense amene adakhalapo pa benchi ya sukulu ya pulayimale: safunsa adadya phula. Munthu wina adapatsidwa chisa cha njuchi, koma poopa kuoneka mbuli pamaso pa anzake, sadafunse kuti chodyedwa ndi chiti. Adafinya uchi nkuutayira pansi, iye nkumatafuna phula, uku akudabwa kuti chimene anthu amatamandira njuchi nchiyani. Mwambiwu akulu ankauponyera mwana wopupuluma, mkamwini wongofika kumene pamudzi, kapena mlendo woyenda ngati njira zonse akuzidziwa. Lero ukuponyedwa, mwachikondi ndithu, kwa adzukulu a ku Bua amene atenga chizolowezi chojambula zitsulo zakutha ndi mafoni awo a m'manja.

Munthu wochoka pa boma la Nkhotakota kulowera ku Dwangwa pa msewu wa M5 amawoloka mtsinje wa Bua. Mtsinjewu umachokera kutali, ku Mchinji, nkudutsa m'nkhalango yosungiramo nyama ya Nkhotakota, kenaka nkutsikira m'chigwa kukathira m'nyanja. Ndi mtsinje umene mpasa zimakwera nthawi ya dzinja kukaswana, ndipo ndi womwewo umene umamwetsa minda ya mpunga ya m'sikimu ya Bua. M'mbali mwa minda yotere, kuseri kwa mashedi akale ndi pansi pa mitengo ya mango, simulephera kupezeka chitsulo china chimene chidagona osadzukanso: thirakitala yopanda matayala itakhazikidwa pa njerwa, pulawo yodyeka ndi dzimbiri, ngolo yotsala mafupa okhaokha, pampu imene mapaipi ake adapita kalekale. Chapafupi pomwepo pali chinthu china chachilendo. Pali mapuloti amene adadulidwa ndi kukhomedwa zikhomo, nyumba zimene zidalekera pa mawindo, milu ya njerwa yomera ndere, ndi mipanda yotchinga udzu wokhawokha.

Adzukulu aona kuti zinthu ziwirizi zikakhala pamodzi zimatulutsa chithunzi chogwira mtima. Amadikira dzuwa litapendeka, pamene dzimbiri limafiira ngati mbaula, nagwada pansi kuti chiwongolero cha thirakitala chioneke pakati pa zenera la nyumba yopanda denga. Wina amajambula mbuzi itakwera pa mpando wa dalaivala, wina mpheta zitamanga chisa m'kati mwa injini. Zithunzizo amaziponya pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndipo abale a ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Johannesburg amaziyamikira. Palibe amene amawalipira. Amachita izi chifukwa maso awo akonda.

Akuluakulu ena pamudzi zimenezi sizikuwasangalatsa. Ena amati nkutaya nthawi, popeza mwana amene akadakhala akupirikitsa mbalame kumunda ali kalikiliki kukwawa pansi pa chitsulo chokhalamo mavu. Ena amati nkuyalutsa mudzi, kuonetsa dziko lonse umphawi wa eni ake. Enanso amakayika kuti kapena wojambulayo watumidwa ndi munthu wofuna malo, ndipo kukayika kumeneku sikochokera kumutu chabe, pakuti ambiri adaonapo kuti pamene pafika kamera ndi chingwe choyezera, mawa lake pamafika zikhomo.

Maganizo a tsamba lino ndi akuti adzukuluwa asaletsedwe. Ntchito imene ayamba ndi yabwino, ndipo ndi yakale kuposa mmene iwo eni akudziwira. Koma pakadali pano ambiri a iwo akutafuna phula. Uchi wa chithunzi cha chitsulo chakutha uli m'nkhani yake, ndipo nkhaniyo siilowa mu foni pokhapokha munthu atafunsa.

Makolo adali nalo dzina la malo osiyidwa: bwinja. Kale mudzi unkasamuka nthaka ikaguga, imfa zikachuluka, kapena nkhondo ndi zilombo zikavuta. Pamalo posiyidwapo pankatsala mphero, mapale, mafuwa, phulusa la kudzala ndi mitengo imene anthu adabzala. Gogo akamadutsa pabwinja ndi mdzukulu wake sankangodutsa. Ankaima nkuloza kuti apa padali nyumba ya akuti, nkhokwe idali apo, mphero iyi ankaperapo mawere ndi mayi a mayi ako, ndipo tidachokapo chaka cha dzombe. Mwana ankaphunzira mbiri ya mtundu wake poona zinthu zotayidwa. Ngakhale kumanda, mbale kapena chikho chobooledwa chimene chinkaikidwa pamtumbira chinkauza wodutsa kuti pano pagona munthu amene ankadya ndi kumwa monga wina aliyense. Chinthu chosiyidwa pansi chidali kalata kwa obwera m'mbuyo, koma kalatayo inkafuna wowerenga.

Zitsulo za ku Bua ndi mphero za masiku ano, ndipo kalata yake ndi yaitali. Mpunga wa m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota udatchuka kuyambira nthawi ya a Jumbe, amalonda a Chiswahili amene woyamba wawo, Salim bin Abdallah, adakhazikika kumeneko cha m'ma 1840. Mbiri yawo ndi yowawa chifukwa cha malonda a akapolo, koma mpunga udatsala, ndipo kwa zaka zambiri unkalimidwa ndi khasu m'madambo podalira mvula ndi madzi osefukira. Dziko litalandira ufulu mu 1964, boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda lidayamba kutsegula masikimu a mpunga wothirira kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960: Hara, Wovwe ndi Lufilya ku Karonga, Limphasa ku Nkhata Bay, Domasi ndi Likangala m'chigwa cha nyanja ya Chilwa, Muona ku Nsanje, ndi Bua ku Nkhotakota. M'masikimu angapo mudakhazikitsidwa a Malawi Young Pioneers, ndipo akatswiri a ulimi ochokera ku Taiwan adathandiza pa kalimidwe ka mpunga. Alangizi ankayendera mlimi aliyense, tsiku lofesa ndi lowokera linkalengezedwa, ndipo ADMARC, imene idakhazikitsidwa mu 1971, inkagula zokolola. Chakumpoto pang'ono, fakitale ya shuga ya Dwangwa idayamba kugaya nzimbe chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo mathirakitala okoka ngolo za nzimbe adakhala chinthu cha masiku onse pa msewu.

Kenaka mizati idayamba kuzuka umodziumodzi. A Payoniya adalandidwa zida ndi asilikali mu Disembala 1993, gulu lawo nkutha. Boma lidayamba kupereka masikimu m'manja mwa mabungwe a alimi ogwiritsa ntchito madzi, kuti azikonza okha ngalande ndi kusonkha okha ndalama. Akatswiri a ku Taiwan adapakira katundu wawo mu 2008, Malawi atatembenukira ku boma la Beijing. ADMARC idafooka chaka ndi chaka, mpaka mu 2022 antchito ake onse adauzidwa kuti ayambe akhala kunyumba. Alimi a ku Bua sadasiye kulima, ndipo Kilombero ndi Faya akadali kununkhira m'miphika ya m'matauni. Koma makina ambiri amene adabwera ndi nyengo zimenezo sadapirire monga adapiririra anthu.

Chimapha thirakitala kawirikawiri si ukalamba. Ndi kachitsulo kamodzi kokwana m'dzanja, kamene sikapezeka pa boma, mwina ngakhale ku Lilongwe, ndipo koitanitsa kunja kamafuna ndalama zakunja zimene dziko lilibe. Thirakitala imaima sabata imodzi kudikira kachitsuloko. Sabata imasanduka mwezi. Wina amabwereka batire nkulonjeza kuti abweza mawa, wina amamasula tayala kuti akaike pa ngolo yake, ana amatenga mawaya kukapangira magalimoto oseweretsa. Ikamafika mvula yachiwiri, chatsala ndi chigoba. Chinthu chikakhala cha gulu kapena cha boma, aliyense amadya nawo pokolola, koma pa tsiku losonkha ndalama ya dizilo ndi ya makaniko anthu amayang'ana kumbali. Makina ena adafika ngati mphatso, opanda buku lake m'chinenero chomveka, opanda munthu wophunzitsidwa kuwakonza, ndipo mwina osayenera dothi lamakande la m'munda wa mpunga. Chitsulo chilichonse chili ndi nthenda yakeyake imene idachigoneka, ndipo pamudzi pamakhala munthu mmodzi kapena awiri amene amaidziwa.

Palinso makina amene mlimi wamba sadawaone nkomwe. Boma lidakongola madola 50 miliyoni ku banki ya boma la India, ndipo mwa zina lidagula mathirakitala 177 ndi makina otongolera chimanga 144, ponena kuti athandize alimi ang'onoang'ono. Ambiri mwa makinawo adagulitsidwa motchipa kwa anthu a maudindo. Mu 2016 Ombudsman wa nthawiyo, mayi Martha Chizuma, adatulutsa lipoti lodzudzula kagulitsidweko, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la apilo lidagwirizana nawo kuti akuluakulu okhudzidwa apepese kwa Amalawi. Ngongoleyo obweza ake ndi adzukulu omwewa. Paja nkhuyu zodya ana zimapota akulu, koma pa nkhani iyi zidatembenuka: adadya ndi akulu, m'mimba mukupota mwa ana. Mdzukulu wojambula thirakitala yakufa akadziwa zimenezi, amayamba kufunsa mafunso awiri m'malo mwa limodzi: iyi idafa bwanji, nanga zija zidalonjezedwa zidathera kuti?

Nyumba zolekera pa mawindo nazo zili ndi kalata yawo. Pa mwambo wa Achewa, munda ndi wa mbumba. Mwinimbumba amausunga chabe, ndipo nyakwawa ndiyo mboni ya malire. Koma msewu wa tala ndi mchenga wa m'mbali mwa nyanja zidakopa anthu a m'tauni ndi a ku Joni, ofuna pomanga nyumba yopumulirako ukalamba kapena malo ogona alendo. Minda ina idadulidwa mapuloti, nthawi zina alongo ndi ana awo asadamve. Malamulo atsopano a malo a mu 2016 adatsegula njira yolembetsera malo a makolo, koma pepala silidathetse mikangano yonse ya pabwalo. Wogula adakumba maziko mtima uli m'mwamba. Kenaka ndalama ya kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nkugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mtengo wa simenti ndi malata udathawa. Mu 2024 madzi osefukira adasamutsa anthu ambiri cha ku Dwangwa, nyanja nayo idakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mphepete mwake. Ena ntchito idawathera, ena adamwalira, ana awo osadziwa nkomwe kumene kuli puloti.

Ili ndi bwinja la mtundu watsopano, limene makolo sadalidziwe. Bwinja lakale lidali malo amene anthu adakhalapo, nabereka ana, naphika, naika maliro, kenaka nkusamuka, nthaka nkupuma ndi kudzalimidwanso. Bwinja la lero ndi la mudzi umene sudakhaleko. Simudalire mwana m'nyumbamo, simudafuke utsi. Ndipo nthaka yake siipuma, chifukwa pamene pathiridwa konkire khasu sililowa. Munda udaleka kubereka chinangwa ndi mpunga, nyumba sidasunge munthu, thirakitala ili pambali yangoti zii. Mdzukulu amene waika zinthu zitatuzi m'chithunzi chimodzi wagwira nkhani yaikulu ya dera lake, kaya akudziwa kaya sakudziwa.

Tsono kwa akulu amene akuti kujambula nkuyalutsa mudzi, yankho ndi lakuti chilonda chobisa sichipola. Koma dandaulo lawo lili ndi mbali yoona imene adzukulu ayenera kuimva. Ku America kuli mzinda wa Detroit, umene udatchuka ndi mafakitale a galimoto, kenaka nkugwa mpaka kulengezedwa mu 2013 kuti walephera kubweza ngongole zake. Ojambula adakhamukirako kuchokera kutali kukajambula mafakitale ogumuka ndi nyumba zopanda anthu, ndipo zithunzi zawo zidakongola kwambiri. Eni mzinda ambiri adakwiya, chifukwa m'zithunzimo iwo sankaonekamo, ngati kuti mumzindamo mudatsala mizukwa yokha, chonsecho anthu ankadzuka m'mawa uliwonse kupita ku ntchito, ku sukulu ndi ku mapemphero. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Chithunzi cha ku Bua choonetsa dzimbiri lokhalokha, chobisa mayi amene akuwokera mpunga mikono makumi awiri kuchokera pamenepo, chimanama ngakhale kuti palibe chimene chasinthidwa. Chimauza woona kuti kuno kudatha, pamene kuno anthu akulima.

Nanga mdzukulu wofuna kudya uchi achite chiyani? Mwambo udayankha kale. Choyamba ndi odi. Palibe chitsulo chopanda mwini, ngakhale chitamera mtengo pakati. Chili pa malo a munthu, kapena a bungwe la alimi, kapena a boma, ndipo mfumu ya mudzi ikudziwa. Wopita kukagwada kwa mfumu nkufotokoza cholinga chake amachotsa mantha a zikhomo aja, ndipo nthawi zambiri amapatsidwa mwana womuperekeza, amenenso amamuchenjeza za njoka, njuchi ndi malo amene ng'ona zimawothera dzuwa. Malo ena, monga manda ndi dambwe, kamera siifikako popanda chilolezo cha eni, ndipo munthu sajambulidwa asadavomere.

Chachiwiri ndi kukhala pansi. Akulu ndi mdambo mozimira moto. Pamudzi uliwonse wa m'mbali mwa sikimu pali gogo amene adagwirapo chiwongolero, kapena amene ankatsegula zitseko za ngalande mbandakucha, kapena mayi amene amakumbukira chaka chimene thirakitala idalima munda wawo koyamba ndi ndalama imene adalipira. Mdzukulu apite ndi chithunzi chake, akhale pamphasa, aonetse, nkufunsa mwaulemu kuti, “Agogo, chitsulo ichi chidabwera liti kuno, ndipo adachibweretsa ndani?” Asafulumire. Kuona maso a nkhono nkudekha. Gogo adzayamba ndi nkhani ya njala ya 2002, nadzera ku ukwati wa mwana wake, koma potsiriza adzafika pa tsiku limene injini idatsokomola nkuzima. Foni yomweyo imene imajambula zithunzi imajambulanso mawu, ngati gogoyo walola.

Chachitatu ndi kulemba. Ojambula akale a m'masitudiyo, aja ankayenda pa njinga ndi kamera ya filimu nkubweretsa zithunzi patatha milungu iwiri, adasiya chizolowezi chabwino: kuseri kwa chithunzi kunkalembedwa dzina, malo ndi tsiku. Chifukwa cha mizere iwiri imeneyo, mabanja ambiri lero amadziwa nkhope za azigogo awo. Chithunzi cha chitsulo chimafunanso zomwezo: mudzi, tsiku, mtundu wa makina, ntchito yake, chaka chimene adafika, chaka chimene adaima, ndi chimene chidawonongeka. Pa makina ambiri pamakhala kachitsulo kokhomedwa pafupi ndi injini, kolembedwa dzina la kampani, dziko ndi nambala. Kapukutidwe ndi kansanza nkujambulidwa pakokha, chifukwa nambala imeneyo ingathe kuuza wodziwa chaka chimene makinawo adapangidwa.

Chachinayi ndi kubweza. Mlenje akapha nyama m'dera la mfumu ankapereka mwendo. Wojambula naye atsukitse zithunzi zingapo pa pepala, china apereke kwa gogo amene adafotokoza, china kwa mfumu, china ku sukulu ya pafupi kuti aphunzitsi azikhala ndi choloza pophunzitsa mbiri ya dera. Foni imagwera m'madzi, imabedwa, imagulitsidwa pa nthawi ya njala, ndipo zithunzi zikwizikwi zimapita nayo. Pepala losungidwa m'sutikesi limapirira zaka makumi asanu. Ku Zomba kuli nyumba yosungira zolembedwa zakale za dziko lino, ndipo pabwalo la nyumba ya zinthu zakale ya Chichiri ku Blantyre pali makina akale amene ana a sukulu amapita kukaona. Zimenezo zidapulumuka chifukwa wina adaziyesa zofunika pamene anzake ankaziona ngati zinyalala.

Wina anganene kuti zonsezi nkulemetsa masewera a ana, kuti chithunzi chokongola chimakwanira pachokha monga duwa. Kukongola sikukutsutsidwa. Diso limene laona kuti dzimbiri ndi kuwala kwa madzulo zimagwirizana ndi mphatso, ndipo popanda diso limenelo palibe akadaima nkomwe pa chitsulocho. Koma taganizirani za komiti ya alimi imene mawa idzalandire makina atsopano kuchokera ku bungwe lina lachifundo, kuli nyimbo ndi nthungululu. Komiti imeneyo itakhala ndi zithunzi khumi za makina amene adafa m'dera lomwelo, chilichonse chitalembedwa nthenda yake, idzadziwa kufunsa alendowo mafunso oyenera asadakwere galimoto: zitsulo zosinthira zimagulidwa kuti, adzakonza ndani, dizilo adzalipira ndani, ndipo kiyi adzasunga ndani. Chimodzimodzinso mbumba imene ikukambirana zogulitsa munda wa kumsewu, itaona zithunzi za mapuloti amene adagulitsidwa zaka khumi zapitazo ali chigonere, idzayamba yaganiza kawiri. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pamenepo masewera a mwana asanduka uphungu wa pabwalo.

Chofulumizitsa nkhaniyi ndi chakuti mboni zonse ziwiri zikutha. Ogula zitsulo zakutha amayenda m'midzi ndi sikelo ndi lole, ndipo thirakitala imene idagona zaka makumi atatu imatha kudulidwa nkukwezedwa tsiku limodzi. Mwini wake sangadzudzulidwe, pakuti ndalama ya fizi ndi ya feteleza siidikira. Nawonso amene adali anyamata pamene ngalande za Bua zinkakumbidwa tsopano ndi nkhalamba za zaka makumi asanu ndi awiri kapena kuposa, ndipo chaka chilichonse mudzi umaperekeza ena kumanda pamodzi ndi zonse zimene ankadziwa. Madzi akatayika saoleka.

Nyengo yabwino yojambula ndi ya mwamvu, mpunga wa dzinja utakololedwa, udzu utauma ndi kupsa, pamene zitsulo zimene zidabisika chaka chonse zimaonekera poyera. Ndi nyengo yomweyo imene akulu amakhala ndi mpata wocheza pakhonde, mwera ukuwomba kuchokera kunyanja. Mdzukulu wanzeru adzanyamula foni, kope ndi cholembera, mwinanso kapaketi ka shuga ka agogo, ndipo asadapite kumene kuli chitsulo adzayamba wadzera kumene kuli anthu.